Anamanga ndani? Zolemba za ulendo wa ku Egypt

Lolemba, Giza

Tafika ku Cairo m'bandakucha kudzera ku Addis Ababa. Ndaperekeza amalume kudzaona mwana wawo amene akuphunzira kuno, ndipo msuweni wangayo ndiye watipezera pogona ku Nazlet el-Samman, mudzi wogundana ndi mpanda wa mapiramidi. Pazithunzi mapiramidi amaoneka ngati ali pakati pa chipululu, kutali ndi anthu. Ayi ndithu. Tauni inafika mpaka m'mapazi mwake: nyumba zosanja za njerwa zosapaka pulasitala, maminibasi, akavalo, ndowe za ngamila m'njira, ndiye ukangokweza maso chiphiri cha miyala chili poteropo.

Madzulo tinakwera padenga kukamwa tiyi. Amalume ndi mmisiri womanga amene anapuma ntchito, komanso ndi mkulu wa mpingo. Anayang'anitsitsa piramidi ya mfumu Khufu, yaikulu pa onse, kenako anapukusa mutu. "Ana a Israyeli anaona zakuda ku Aigupto kuno. Farao uja analibe chisoni."

Msuweni sanachedwe. "Ababa, ichi sanamange munthu." Anatulutsa foni n'kuyamba kuwerengetsa. Miyala ilipo pafupifupi 2.3 miliyoni. Akuti ntchito inatenga zaka ngati 20. Ndiye kuti tsiku lililonse ankakhazika miyala yoposa 300, mwala umodzi pa mphindi ziwiri zilizonse za masana, mwala woti wina umalemera matani awiri ndi theka. Popanda chitsulo, popanda makina. Iye akuti panali nzeru yochokera kwina, kaya kumapulaneti ena kaya kwa mtundu wina umene unasowa.

Ine ndinangokhala chete, koma mawu ake anandikhala pamtima moipa. Chinthu chatalika mamita 146 pamene chinali chatsopano, chinakhala chachitali kuposa chomangidwa china chilichonse padziko kwa zaka zoposa 3,800, chili pa nthaka ya Africa, ndiye mwana wa ku Africa n'kumafunira eni ake kumitambo.

Lachiwiri, Giza

Tinalawira kuthawa dzuwa. Wotiperekeza ndi mayi wa konkuno amene anaphunzira zofukula zakale, ndipo atamva mkangano wathu anati tiyambe kaye taona pansi tisanayang'ane kumwamba. Anatitengera pafupi ndi piramidi ya mfumu Khafre pamene thanthwe linasemedwa mizeremizere ngati bolodi la dirafuti. Pamenepo ndi pamene ankadula miyala. Zitsa za miyala imene anachotsa zikadalipo, ndi ngalande zimene munthu ankalowamo posema. Miyala yambiri ya mapiramidiwa inachokera pompano, mtunda woti mwana angayende wapansi. Yochokera kutali ndi iwiri: laimu woyera wokutira kunja, wochokera ku Tura tsidya lina la Nile, ndi granite wa ku Aswan. Laimu woyerayo anthu anakanganula kalekale n'kumangira Cairo, watsala kansonga pa piramidi ya Khafre ndi miyala yochepa m'munsi mwa ya Khufu.

Amalume anayenda m'mbali mwa piramidi ya Khufu akusisita miyala. Kunja kumene kwatsala miyala yokutira, polumikizira pake sungalowetsepo ndi lumo lomwe. Koma m'kati mwa khoma, pamene chikuto chinachoka, miyala ndi yosiyanasiyana, ina yaikulu ina yaing'ono, m'mipata anatsiramo zibenthu ndi matope. "Apa ndiye pali anzanga," anatero amalume. "Poonekera asalaza, pobisika athamanga kuti kapitawo asawakalipire."

Kulowa m'kati ndi ntchito. Timalowera pa chiboo chimene akuti anaboola anthu a Khalifa al-Ma'mun m'zaka za m'ma 800, kenako kukwera chowerama m'kanjira kothina, mpweya wotentha, thukuta kamukamu. Mwadzidzidzi denga limangotseguka, uli m'likole lalikulu lotchedwa Grand Gallery, mamita 47 m'litali, pafupifupi 9 kupita m'mwamba. Pamapeto pake pali chipinda cha mfumu, chonse cha granite. Mitanda ya kudenga ina imafika matani 50 ndi kuposa, ndipo inachokera ku Aswan, makilomita oposa 800 kummwera. Msuweni anandikodola, nkhope ikunena kuti mwaonatu. Koma mayi uja anawalitsa tochi pa bokosi la mwala limene munagona mfumu. Pali zipsera za sowo, ndipo pena sowo inapatuka pamzere, wodulayo n'kuibweza kuyambiranso. Katswiri wofukula zakale Flinders Petrie anaziona kale zimenezi m'ma 1880. Sowoyo inali ya mkuwa, yodula ndi mchenga wothiridwa m'mpata mwake.

Pamwamba pa denga limeneli pali tizipinda tisanu topepukitsa katundu, tosaloledwa alendo. Howard Vyse anaphulitsa njira ndi wonga mu 1837 n'kupezamo zolemba za utoto wofiira, maina a magulu a antchito, lina mwa iwo "Abwenzi a Khufu". Ena amati Vyse analemba yekha. Koma zolemba zina n'zozondoka, zina zimalowa m'ming'alu kuseri kwa miyala kumene dzanja silingafike. Zinalembedwa mwala usanakhazikidwe.

Masana tinapita kumene mabasi a alendo sapita kawirikawiri, kummwera kwa Sphinx, chifanizo chachikulu cha mkango wa mutu wa munthu. Kuli chikhoma chachikulu cha miyala chotchedwa Heit el-Ghurab, ndipo kuseri kwake Mark Lehner ndi gulu lake akhala akufukula tauni ya antchito kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anapeza mophikira buledi ndi miphika yake yooneka ngati belu, nkhokwe, nyumba zazitali zogona anthu ambiri, ndi mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi osawerengeka. Zambiri anazikwiriranso ndi mchenga kuti zisaonongeke. Chakumtunda kwake kuli manda. Anapezeka mu 1990 pamene kavalo wa mlendo wina anapunthwa pa kakhoma ka zidina, ndipo Zahi Hawass ndiye anatsogolera kufukula. Manda a anthu wamba ndi timilu ta dothi ndi zibenthu zotsala ku ntchito. A akapitawo ali pamwamba, a mwala, okhala ndi maina ndi maudindo, monga woyang'anira mbali imodzi ya piramidi. Wina dzina lake Petety analemba temberero pakhomo, kuti wodzaononga manda ake ng'ona, mvuu ndi mkango zidzamudye.

Chimene chandigwira mtima ndi mafupa awo. Misana inapindika ndi katundu. Ena anathyoka mikono n'kumangidwa bwinobwino mpaka kupola. Alipo amene anadulidwa chiwalo n'kukhalabe ndi moyo zaka zingapo. Amalume ali ndi msana wovuta chifukwa cha zaka zonyamula simenti, ndipo atamva zimenezi anavula chipewa. Sanalankhule mpaka tinafika kogona.

Lachitatu, Saqqara ndi Dahshur

Lero ndiye tsiku limene ndikanakonda aliyense wokhulupirira za kumapulaneti akanakhala nafe. Ku Saqqara kuli piramidi ya mfumu Djoser, yoyamba pa onse, ya zaka za m'ma 2600 Yesu asanabadwe, ndipo dzina la Imhotep ndi limene limatchulidwa ngati mmisiri wake. Si yosalala, ndi masitepe asanu ndi limodzi. Inayamba ngati manda afulati, n'kukuzidwa, n'kusanjikidwa, n'kukuzidwanso, ndipo mbali zina umaona ndi maso pamene pulani yakale inathera ndi pamene yatsopano inayambira. Miyala yake ndi yaing'ono, yoti amuna awiri angathe kunyamula. Anthuwa anali kuphunzira.

Ku Dahshur alendo ndi ochepa, kuli zii. Kumeneko Sneferu, bambo wake wa Khufu, anamanga awiri. Yoyamba imaoneka yopindika: kumunsi inakwera motsetsereka kwambiri, madigiri 54, ndiye chapakati inagonja n'kutsirizira pa madigiri 43. Amalume asanauzidwe kalikonse anati, "Inayamba kung'aluka iyi. Maziko anakana." Ndipo n'zimene akatswiri ambiri amanena, m'katimo muli ming'alu yomatidwa ndi mitengo ya mkungudza yochirikiza chipinda. Pang'ono potero pali piramidi yofiira, imene anaiyamba ndi madigiri 43 kuyambira pansi, n'kutheka bwinobwino. Tinalowamo chotsika m'kanjira kotalika mamita ngati 60, m'katimo fungo lobaya mphuno. Miyendo ikundiwawabe.

Pobwerera ndinamufunsa msuweni kuti, kodi anzeru ako otha kuwoloka mlengalenga angalephere kudziwa kuti dothi la Dahshur silingasenze katundu wotere? Iye anati mwina ameneyo anali anthu akuyesa kutsanzira. Koma mndandanda wake ndi woonekeratu: ya Djoser, ya ku Meidum, yopindika, yofiira, kenako ya Khufu, zonse m'zaka pafupifupi 100, mwana kuphunzira pa zolakwa za bambo ake.

Ndinapsa mtima pang'ono, ndipo ndinamuuza chifukwa chake. Bodza limeneli si lachilendo kwathu kummwera. Karl Mauch atafika ku Great Zimbabwe mu 1871 anati makoma aja ndi a Mfumukazi ya ku Seba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula n'kunena poyera kuti anamanga ndi anthu akuda a komweko, koma boma la Rhodesia silinafune kumva, mpaka Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kubisa zoona. Nkhani ya zolengedwa za kumwamba ndi yomweyo yavala malaya ena. Mu 2020 Elon Musk analemba pa Twitter kuti mapiramidi anamanga ndi zolengedwa zimenezo, ndipo nduna ya ku Egypt Rania al-Mashat inamuyankha kuti abwere adzaone manda a amene anamanga. Ife tawaona dzulo.

Lachinayi, Cairo

Ku Egyptian Museum ya pa Tahrir taona matchizulo a mkuwa, nyundo za mtengo zodyeka pakati chifukwa chomenya, ndi zingwe. Mwini piramidi yaikulu ija, chifanizo chake chathunthu chodziwika ndi kachidole ka mnyanga wa njovu ka masentimita 7.5, kamene Petrie anapeza ku Abydos mu 1903.

Koma nkhani ya lero ndi ya kapitawo wina dzina lake Merer, imene mayi wotiperekeza anatifotokozera titakhala pabenchi. Mu 2013 gulu la Pierre Tallet linapeza mipukutu ya gumbwa ku Wadi al-Jarf, doko lakale la pa Red Sea. Ndi gumbwa wolembedwa wakale kuposa wina aliyense amene anapezeka ku Egypt. Mwa iyo muli buku la ntchito la Merer, la kumapeto kwa ufumu wa Khufu. Iye ankatsogolera amuna ngati 40, ndipo ankalemba tsiku ndi tsiku: lero tapakira miyala ku Tura, tagona pakuti, mawa tafika ku Akhet-Khufu, ndilo dzina la piramidiyo. Pa masiku 10 alionse ankapita ndi kubwera kawiri kapena katatu. Amatchula dziwe lokocheza ngalawa pafupi ndi Giza, amatchulanso bwana wamkulu wa ntchitoyo, Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu. Mipukutu ina ndi ya kawerengedwe ka buledi ndi chakudya china cha gululo.

Lero Nile ali kutali ndi mapiramidi, makilomita angapo, koma kale sizinali choncho. Kafukufuku wa mu 2022 wa dothi lokumbidwa pansi pa Giza anaonetsa kuti nthambi ya mtsinjewo inkafika pafupi, ndipo mu 2024 gulu la Eman Ghoneim linalengeza za nthambi ina yokwiririka, yotalika makilomita 64, yodutsa m'mphepete mwa mapiramidi ambiri. Nyengo ya kusefukira ngalawa zinkafika ndi mwala pakhomo penipeni.

Usiku amalume anatulutsa Baibulo lawo n'kundiuza kuti ndiwawerengere Eksodo, chifukwa magetsi a m'chipinda ndi ofooka. Mutu 1 ndime 11 ikunena kuti Aisrayeli anamangira Farao midzi yosungiramo zinthu, Pitomu ndi Ramesesi. Mutu 5 ukunena za njerwa ndi udzu. Anandiuza kuti ndibwereze. Palibe mwala, palibe manda a mfumu, palibe piramidi. Mzinda wa Ramesesi unali kumpoto ku Delta, kumene Nile amagawikana asanalowe m'nyanja, ndipo mfumu Ramesses II inalamulira kuyambira 1279 mpaka 1213 Yesu asanabadwe, zaka zoposa 1,200 Khufu atamwalira. "Ndiye ife tinazitenga kuti?" anafunsa. Ndikuganiza kuti ndi zithunzi za m'mabuku a Sande sukulu ndi mafilimu, zojambula kapolo akukwapulidwa piramidi ili kumbuyo. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri yakale, nayenso anathandizira ndi nkhani yake ya amuna 100,000 okakamizidwa ndi mfumu yankhanza, koma iye anafika kuno patapita zaka 2,000, ndipo za Aisrayeli sanatchule. Akatswiri a lero amati antchito anali pakati pa 20,000 ndi 30,000.

Amalume sanakhumudwe. Anati, "Nabanda, Buku silinaname. Tinaonjezera ndife."

Lachisanu, m'sitima

Takwera sitima ya usiku yopita ku Aswan. Tagula koshari wa m'mabokosi, mpunga, mphodza ndi makaroni pamodzi, amalume akuti mimba yadzaza koma sanadye. Msuweni wakhala akujambula mapiramidi papepala. Wapeza yekha kuti ukamanga gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake, wakhazika kale miyala 70 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti ntchito yambiri inali pansi, pamene magulu ambiri akanatha kukoka nthawi imodzi kuchokera mbali zonse. Mwala umodzi pa mphindi ziwiri sukumuopsanso ngati poyamba.

Loweruka, Aswan

Kwacha tikudutsa minda ya nzimbe ndi kanjedza, kamzere kobiriwira m'mbali mwa mtsinje, kuseri kwake mchenga wokhawokha. Aswan ndi kotentha koopsa.

Tinapita ku mgodi wakale wa granite kumene kwagona chipilala chosamalizidwa. Chikanaimirira chikanatalika mamita 42, kulemera matani oposa 1,000, koma chinang'aluka chisanachoke pathanthwe ndipo anachisiya pomwepo. N'cha nthawi ya pambuyo kwambiri, zaka zoposa 1,000 Khufu atapita, koma chimaonetsa mmene granite ankamugonjetsera. M'mbali mwake muli ngalande yoti munthu mmodzi n'kukwanamo atanjuta, ndipo pansi pake ndi m'makoma muli timaenje tosalala totsatizana, kalikonse malo a munthu mmodzi. Ankasinja thanthwe ndi mipira ya mwala wolimba kwambiri wa dolerite. Ina ikadali pomwepo. Amalume ananyamula umodzi ndi manja awiri n'kumenya pa mwala umene alendo amaloledwa kuyeserapo. Anamenya mpaka thukuta, chotuluka ndi kafumbi kodzaza chikhadabo. Anapatsa mwana wawo. Iye anamenya pang'ono n'kuutula, manja akunjenjemera. Pamenepo ndinamvetsa kuti chimene chimatisokoneza ife si nzeru yobisika ayi, koma kuchuluka kwa masiku a anthu amene mfumu inali ndi mphamvu yowononga pa mwala umodzi.

Titakhala pamthunzi mkangano unasanduka wa amisiri, ndipo umenewu ndiye wokoma. Kukoka sikuvuta kumvetsa. M'manda a Djehutihotep ku Deir el-Bersha munajambulidwa chifanizo chachikulu chili pa chileyi, amuna 172 akukoka, wina ataima kutsogolo akuthira madzi pansi. Mu 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Amsterdam anayesa n'kupeza kuti mchenga wonyowa bwino umachepetsa mphamvu yokokera ndi theka. Chovuta ndi kukweza. Amalume akuti chitunda chimodzi choongoka sichingatheke mpaka pansonga, chifukwa chikanadya dothi lochuluka ngati piramidi yomwe. Chozungulira ngati njoka nachonso akuchikayikira: ukakwirira ngodya, chingwe uchimanga pati kuti khoma lisapotoke? Iwo akuti pansi anagwiritsa zitunda zazikulu, pamwamba tizitunda tating'ono ndi mipiringidzo yotukulira. Msuweni wakonda maganizo a Jean-Pierre Houdin, oti njira yokwezera inali m'kati mwa piramidi momwemo, ngakhale akatswiri ambiri sanawavomereze. Anatchulanso chitunda chimene chinapezeka mu 2018 ku mgodi wa Hatnub, cha nthawi ya Khufu, chotsetsereka kwambiri, chokhala ndi masitepe mbali zonse ndi maenje a nsanamira zokolekapo zingwe. Bambo ndi mwana anajambulirana pamchenga mpaka mlonda anatiuza kuti akutseka.

Lamulungu, Aswan

Tawoloka pa bwato la thanga kupita ku chilumba cha Elephantine. Mwini bwato ndi wa mtundu wa Nubia, ndipo atamva zimene tabwerera anatikumbutsa kuti ku Sudan kuli mapiramidi oposa 200, ambiri kuposa a ku Egypt, aang'ono ndi osongoka, omangidwa ndi mafumu a Kush zaka zambiri pambuyo pake.

M'bwatomo ndinanena mawu amene ndakhala ndikuwamva sabata yonse, akuti omanga mapiramidi sanali akapolo, anali anthu aufulu, odya nyama, oikidwa mwaulemu pafupi ndi mfumu yawo. Amalume anandidula. Anati agogo awo ku Chiradzulu nawonso sanali akapolo, palibe anawagulitsa, koma nthawi ya thangata kapitawo akafika pamudzi munthu ankasiya munda wake n'kukalima wa mzungu, ndipo wokana nyumba yake inkagwetsedwa. "Kudya nyama si ufulu, Nabanda. Funso n'lakuti, akanakana chikanachitika n'chiyani?"

Ndikuona kuti akunena zoona, ndipo umboni uli kumbali yawo. Panali amisiri okhazikika, osema ndi oyeza, amene ankakhala ku Giza ndi mabanja awo, ndipo ambiri mwa manda okhala ndi maina aja ndi awo. Koma unyinji wokoka zingwe unali wa anthu a m'midzi otengedwa mosinthanasinthana, monga msonkho woperekedwa ndi thupi. Mafumu ena a pambuyo pake analemba malamulo okhululukira anthu ena ku ntchito yotereyi. Pepi I analemba lotere ku Dahshur, loteteza anthu a m'midzi yotumikira mapiramidi a Sneferu. Chinthu chimene mfumu imachita kukukhululukira ngati mwayi si chinthu chimene unkachita mwa kufuna kwako. Ndiponso mwala wa Palermo, wolemba zochitika za mafumu, umanena kuti Sneferu anathira nkhondo dziko la Nubia n'kubwerako ndi anthu 7,000 ndi ziweto 200,000. Anthu amenewo anachokera kumtunda kwa mtsinje womwe tinali kuyandamapowu, ndipo sanapite kumpoto kukacheza.

Msuweni anati komabe mwina ambiri ankanyadira, poti kwa iwo mfumu inali ngati mulungu, ndipo gulu la antchito a mfumu Menkaure lodzitcha "Zidakwa za Menkaure" silikumveka ngati la anthu osweka mtima. Amalume anayankha kuti nawonso pa ntchito ankaimba nyimbo ndi kupatsana maina oseketsa, malipiro atachedwa miyezi. Sanagwirizane, ndipo ine ndili kumbali ya amalume.

Mawa tibwerera ku Cairo. Msuweni wapempha kuti tisananyamuke tikafike ku Meidum, kumene zigawo zakunja za piramidi zinagumuka n'kutsala chinsanja pakati pa mulu wa zibuma, komanso kumene zotsalira za chitunda chokwezera miyala zinapezeka. Akufuna akayeze yekha kutsetsereka kwake, ndipo amalume amuuza kuti agule chingwe ndi tepi.